Mafunso ndi mayankho: kuphunzira mbiri ya anthu a mu Africa uli kuno ku Mangochi

Ndaphunzitsa mbiri yakale ku sekondale kuno ku Mangochi kwa zaka zambiri. Mafunso ali m'munsiwa ena amachokera kwa ana a sukulu, ena kwa makolo tikakumana pamsika kapena pamaliro, ena kwa achinyamata ogwira ntchito m'malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja, amene alendo amawapanikiza ndi mafunso okhudza dera lino. Ndayankha monga ndimayankhira pamaso.

Aphunzitsi, kodi azungu asanabwere ife tinali ndi mbiri? Paja zolemba anabwera nazo ndi iwo.

Chaka sichitha funsoli osabwera, ndipo mwana wolifunsa sindimudzudzula, chifukwa ambirife tinakula tikumva zomwezo. Yankho lili pamsewu wa ku Monkey Bay. Mukafika pa Nkope, dziwani kuti mwaponda malo amene katswiri wofukula zakale K.R. Robinson anapezapo mapale a miphika ndi zizindikiro zoti anthu ankagwiritsa ntchito zitsulo zaka zoposa 1,500 zapitazo. Mpaka lero miphika ya mtundu umenewo imatchedwa ya Nkope, ngakhale itapezeka kutali ndi kuno. Mitundu ina iwiri ya miphika ya pambuyo pake inapatsidwa maina a Mawudzu ndi Nkhudzi, malo a kuno kumwera kwa nyanja.

Tsono tiyerekeze. David Livingstone anafika panyanjayi mu September 1859. Ulamuliro wa atsamunda unayamba mu 1891 n'kutha mu 1964. Zimenezo ndi zaka 73, moyo wa munthu mmodzi. Anthu a pa Nkope anali ataphika, kukwatirana, kuweruza milandu ndi kuika maliro kwa mibadwo yosawerengeka zaka 73 zimenezo zisanayambe.

Za zolembazo, nazonso si zoona kwenikweni. Ku Ethiopia anthu akhala akulemba m'zilembo zawozawo kwa zaka mazana ambiri, ku Timbuktu, m'dziko la Mali, kuli mabuku olembedwa pamanja zikwizikwi, ndipo konkuno mabwalo a mafumu ena achiyao anali ndi alembi odziwa zilembo za Chiarabu boma la atsamunda lisanakhazikike.

Nanga pamene palibe cholembedwa, mumadziwa bwanji zomwe zinachitika?

Timafunsa mboni zingapo, kenako n'kuona ngati zikugwirizana. Mboni yoyamba ndi nthaka: mapale, mikanda, mafupa, ng'anjo zosungunuliramo chitsulo. Yachiwiri ndi pakamwa pa anthu: mayina a mafumu motsatana, nyimbo, miyambi, ziwongo. Yachitatu ndi chilankhulo chenichenicho. Yachinayi ndi zimene alendo analemba atadutsa.

Chitsanzo chimene ndimachikonda ndi cha Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka. Akuluakulu achichewa ankanena kuyambira kale kuti kumeneko kunali likulu la Kalonga, mfumu ya Amaravi. Katswiri wofukula zakale Dr Yusuf Juwayeyi atakumba pamalopo anapeza mikanda ya galasi, zinthu za mkuwa, minyanga ya njovu yosemedwa, ngakhalenso zidutswa za mbale zadothi za ku China. Pakamwa pananena, nthaka inavomera. Ndiye pali Mpwitikizi wina, Gaspar Bocarro, amene mu 1616 anayenda kuchoka ku Tete mpaka ku Kilwa, kugombe la dziko limene lero ndi Tanzania, nalemba za mfumu yamphamvu yotchedwa Muzura imene anaipeza m'chigawo chino.

China ndi cha Angoni a Zwangendaba. Iwo ankasimba kuti tsiku limene ankawoloka Zambezi dzuwa linada masana. Akatswiri a zakuthambo atawerengera anapeza kuti kunali kadamsana mu November 1835. Nkhani ya pakamwa inapeza chaka chake choncho.

Chilankhulo nacho sichiiwala. Mawu oti nsapato ndi kalata anachokera ku Chipwitikizi. Boma ndi mawu a Chiswahili otanthauza mpanda kapena linga, ndipo tinayamba kutchula olamulira ndi dzina la mpanda umene ankakhalamo. Chimanga ndi chinangwa, zimene timaziona ngati zathu kuyambira pachiyambi, kwawo ndi ku America. Makolo athu akalekale nsima yawo inali ya mapira ndi mawere.

N'chifukwa chiyani mbiri imagawidwa patatu: atsamunda asanabwere, ali kuno, atachoka?

Kugawa kumeneku kumathandiza polemba mayeso, koma ine sikundisangalatsa kwenikweni. Kumaika mzungu pakati ngati mzati wa nyumba, ndipo zaka zikwi zonse za m'mbuyo zimangosanduka khonde. Komanso moyo wa anthu sunaduke pa 1891 kapena pa 1964. Ufumu wa Mponda unalipo Harry Johnston, mtsogoleri woyamba wa boma la atsamunda, asanabwere, unalipo m'nthawi ya ma DC achizungu, ulipo lero. Chimene chinkasintha ndi mphamvu zake: amene ankasunga mfuti ndi kulamula malonda anasanduka wotolera msonkho wa boma, kenako wogwira ntchito pansi pa boma la anthu akuda. Wophunzira wabwino amatsata chinthu chimodzi, kaya ufumu, usodzi, ukwati kapena malo, n'kuchilondola m'nyengo zonse zitatu.

Kodi Mangochi ndi wa Ayao kapena wa Anyanja? Anayamba kufika ndani?

Mbiri ya pakamwa imatchula Akafula kapena Abatwa, alenje amene alimi oyamba anawapeza m'dziko lino. Kenako kunali anthu a miphika ija, kenako Amaravi, amene nthambi yawo ya m'mbali mwa nyanja ndi mtsinje wa Shire inadziwika kuti Anyanja. Ayao ambiri anafika m'zaka za m'ma 1800 kuchokera kumpoto kwa Mozambique, ena mwamtendere, ena ndi nkhondo, ena akuthawa njala ndi adani awo. Koma amalonda achiyao ankayenda m'dera lino kale zimenezi zisanachitike.

Ndikayankha choncho ndimawonjeza mawu awa: aliyense wa ife anachokera kwina, kusiyana ndi tsiku lofikira basi. Mukafufuza bwino banja lanu mupezamo agogo achinyanja, achiyao, mwina achingoni kapena achilomwe. Amene akufuna mbiri kuti athamangitsire mnzake pamalo, ine sindimuthandiza.

Nkhani ya ukapolo tiikambe bwanji, poti ikukhudza makolo athu enieni?

Apa ndiye pofunika kudekha, koma osati kubisa. Zoona zake n'zakuti m'zaka za m'ma 1800 mafumu ena achiyao, monga Mponda, Makanjira ndi Jalasi, anakula mphamvu chifukwa cha malonda a minyanga ya njovu ndi anthu. Maulendo awo ankapita kugombe la nyanja yamchere, makamaka ku Kilwa, n'kubwerako ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga. Ku Nkhotakota Jumbe ankawolotsa anthu panyanja pa zombo. Ambiri mwa amene anafika kugombe amoyo anakathera m'minda ya ku Zanzibar ndi Pemba. Midzi inapsa, mabanja anabalalika. Izi zinachitika, ndipo mwana wa ku Mangochi ayenera kuzimva kwa ife, asakazimvere kwa mlendo.

Koma nkhaniyi ili ndi mbali zina zimene buku lachidule limadumpha. Malonda a Ayao ndi kugombe sanayambe ndi anthu. Anayamba ndi makasu, fodya, zikopa ndi minyanga, ndipo ukapolo unakula pamene ogula a kunja anachuluka. Si Myao aliyense amene ankagulitsa anthu. Ayao ambirimbiri nawonso anagulitsidwa. James Chuma, mmodzi mwa amene ananyamula mtembo wa Livingstone mpaka kugombe, anali Myao wowomboledwa ku ukapolo ali mnyamata. Mafumu a mitundu ina, Aswahili, Aarabu ndi Apwitikizi onse anali m'malondawa.

Chinanso n'chakuti ogwidwa ambiri, makamaka amayi ndi ana, sanapite kugombe. Anasungidwa m'midzi, anakwatiwa, anabereka. Ndiye kuti ambirife m'magazi mwathu muli wogwira ndi wogwidwa yemwe. Ndinakhalapo pa mlandu wa ufumu pamene bambo wina anaimirira n'kuloza mnzake chala kuti, “Inu musalankhule, agogo anu anachita kugulidwa.” Bwalo lonse linati zii. Mayi wina wachikulire anangoweramitsa mutu n'kuphimba kumaso ndi chitenje. Tsiku limenelo ndinaona kuti bala ili silinapole. N'chifukwa chake m'kalasi mwanga timatchula mafumu ndi zimene anachita, popeza n'zolembedwa, koma sitifufuza kuti banja lakuti linachokera kwa kapolo.

Kodi mafumu akuno anangowalandira Angerezi?

Ayi ndithu. Mu 1891 Harry Johnston anabwera ndi asilikali achisikhi ochokera ku India, namanga linga m'mbali mwa Shire, n'kuwombera mudzi wa Mponda. Lingalo analitcha Fort Johnston. Ndilo dzina limene boma lino linkadziwika nalo nthawi yonse ya atsamunda. Kumapeto kwa chaka chomwecho anthu a Makanjira anapha Captain Cecil Maguire, mkulu wa asilikaliwo, ndipo linga la Fort Maguire linatchedwa dzina lake. Mu 1892 Jalasi anabweza gulu lankhondo la Angerezi m'mapiri ake n'kulanda mzinga wawo. Anadzagonja mu 1895, ndipo pamalo pake anamangapo Fort Mangochi, imene makoma ake a miyala akadalipo m'phiri chakufupi ndi Namwera.

Angerezi ankati akumenya nkhondo yothetsa ukapolo, ndipo n'zoona kuti malondawo anatha. Koma nkhondo yomweyo ndi imene inawapatsa dziko, msonkho ndi ulamuliro. Wophunzira agwire mfundo ziwirizi pamodzi, asataye imodzi.

Amishoni nawo sanapeze njira yosalala. A Livingstonia, mmodzi mwa iwo Dr Robert Laws, anafika ku Cape Maclear mu 1875 pa sitima ya Ilala, koma malungo anawavuta ndipo mu 1881 anasamukira ku Bandawe. Ansembe achikatolika a White Fathers anafika kwa Mponda mu 1889 n'kuchoka mu 1891. A Anglican ndiwo anakhazikika, ku Malindi ndi malo ena. Apa pali chinthu chimene chimafotokoza za lero. Kwa nthawi yaitali sukulu zinali m'manja mwa mishoni, ndipo makolo achisilamu ankaopa kuti mwana akapita kumeneko akasintha dzina ndi chipembedzo. Ankamutumiza ku madrasa. Munthu akamanena kuti anthu a ku Mangochi sakonda sukulu, osadziwa chiyambi chimenechi, akuweruza mlandu umene sanaumve.

Ena amati atsamunda anatibweretsera chitukuko. Inu mukuti bwanji?

Ndimawatenga ana anga kupita nawo pa nsanja ya wotchi, pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi. Nsanjayo inamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria. Pambali pake pali mfuti yaikulu ya sitima yankhondo ya Guendolen, imene mu August 1914 inakawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann kutsidya kwa nyanja. Palinso chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Viphya mu 1946. Ana amawerenga zolembedwazo, ena akujambulitsa pafoni, njinga za kabaza zikudutsa. Akamaliza ndimawafunsa kuti: njerwa izi anaumba ndani? Anazisenza ndani? Nkhuni zoyendetsera Guendolen ankadula ndani? Mayina awo ali pati? Nthawi zambiri pamakhala chete, kenako wina amati, “Aphunzitsi, sanawalembe.” Phunziro limayambira pamenepo.

Misewu, sitima, zipatala ndi sukulu zinabweradi. Koma funsani kuti zinamangidwira ndani, ndi thukuta la ndani. Msonkho wa nyumba unkakakamiza amuna kusiya midzi kukafuna ndalama. Mawu oti thangata, amene kale ankatanthauza kuthandizana, m'minda ya azungu anasanduka ntchito yokakamiza yolipirira malo okhala. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse amuna ambirimbiri anagwidwa kukhala amtengatenga, ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda. John Chilembwe anadandaula za kutengera anthu akuda ku nkhondo imeneyi asanaukire mu January 1915. Kunalinso Wenela ndi maulendo a ku migodi ya ku Joni ndi ku Rhodesia, ndipo ena sanabwerere, anasanduka matchona. Achinyamata athu amene lero akukwera mabasi a ku Johannesburg akuyenda njira imene agogo awo anaipondaponda.

Ngakhale gule wathu wa beni, ndi mayunifolomu ake, mawezulo ndi kuguba kwake, ndi mbiri yovinidwa: anthu anaona perete wa asilikali n'kumusandutsa chawo.

Za pambuyo pa ufulu si ndale kodi? Si bwino kuzisiya?

Kuno ku Mangochi funso ili lili ndi chifukwa chake. Henry Masauko Chipembere, mwana wa wansembe wa Anglican, kwawo kunali ku Malindi. Anali mmodzi mwa achinyamata amene anaitana Dr Kamuzu Banda kuti abwere kudzatsogolera nkhondo yothetsa chitaganya, ndipo Kamuzu anafika pa 6 July 1958. Ufulu utabwera pa 6 July 1964, sipanathe miyezi itatu nduna zisanasemphane ndi Kamuzu. Chipembere anatula pansi udindo wake wa nduna ya zamaphunziro n'kubwerera kuno. Mu February 1965 iye ndi anthu ake analanda boma la Fort Johnston usiku n'kuyamba ulendo wa ku Zomba, koma atafika pa Liwonde anapeza pantoni ili tsidya lina. Anabwerera kutchire, ndipo pambuyo pake iye anatuluka m'dziko. Anamwalira ku America mu 1975.

Amene anatsala ndiwo analipira. Midzi inaotchedwa, Medson Silombela, mmodzi mwa otsatira a Chipembere, ananyongedwa ku Zomba, ndipo anthu a mudzi wa Moto anatengedwa n'kukatsekeredwa. Kwa zaka pafupifupi 30 dzina la Chipembere silinkatchulidwa poyera. Mpaka lero ndikacheza ndi okalamba ena za nthawi imeneyo, amayamba ayang'ana kukhomo, kenako n'kutsitsa mawu, ngakhale kalata ya maepiskopi ya 1992 ndi riferendamu ya 14 June 1993 zinadutsa kalekale.

Ndiye ayi, tisazisiye. Tikamaphunzira zolakwa za atsamunda zokha n'kutseka maso pa zimene tinachitirana tokha, tikudzinamiza. Chofunika n'kusakhala wachipani m'kalasi. Za Kamuzu tinene zonse: Kamuzu Academy, likulu la Lilongwe, msewu wa m'mbali mwa nyanja, komanso ndende ya Mikuyu, makadi a chipani okakamiza, ndi nduna zitatu ndi phungu mmodzi amene anaphedwa ku Mwanza mu 1983. Maboma a pambuyo pa 1994 tiwayese ndi muyeso womwewo.

Ine ndimakhala ku Namwera. Za Mali, Ghana ndi Ethiopia zindithandiza chiyani?

Malire a pa Chiponde amene amakulekanitsani ndi abale anu a ku Mandimba anachokera m'pangano la Britain ndi Portugal la 1891, patangopita zaka zochepa kuchokera pa msonkhano wa ku Berlin wa 1884 mpaka 1885. Simungamvetse mpanda wa kwanu osadziwa zimenezo. Kilwa, kumene makolo ankapita, unali mzinda wolemera kale pamene mlendo wa ku Morocco Ibn Battuta anafikako mu 1331, ndipo chuma chake china chinali golide wochokera kudera la Great Zimbabwe. Ethiopia inagonjetsa Italy pa Adwa mu 1896, chaka chimodzi Jalasi atagonja, ndipo n'koyenera kufunsa chimene chinasiyanitsa awiriwa. Kamuzu naye anachokera ku Ghana, dziko limene linali litangolandira ufulu mu 1957, pobwera kuno.

Ndikufuna kufunsa agogo za kale. Ndiyambe bwanji?

Yambani msanga. Anganga anga ankaimba nyimbo ina posinja, yotchula malo amene mbumba yathu inadutsa pobwera kuno. Ndinkaimva tsiku ndi tsiku, ndipo ndinkaganiza kuti idzakhalapo nthawi zonse. Pamene ndinazindikira kuti nyimbo ija inali mapu a banja lathu, iwo anali atagona kumanda. Ndatsala ndi mizere iwiri yokha.

Musapite chimanjamanja, kashuga kapena sopo n'chizindikiro cha ulemu. Ngati ndi mudzi wa eni, yambani mwaonekera kwa amfumu. Mukakhala pamkeka musayambe ndi kuti, “Agogo, tiuzeni mbiri.” Adzakuuzani kuti sanapite kusukulu. Funsani zazing'ono: “Agogo, munabadwira kuti? Amayi anu anaikidwa kuti? Chambo munkagula bwanji muli mtsikana? Njala ya 1949 inakupezani muli kuti?” Okalamba ambiri sasunga zaka m'manambala, amasunga ndi zochitika: chaka cha njala, nthawi ya chitaganya, atabwera Kamuzu, nthawi ya othawa nkhondo a ku Mozambique. Inu ndiye mukaike manambalawo kunyumba.

Musaiwale amayi. Kwa Ayao ndi Anyanja mtundu umatsata kuchikazi, ndiye amene amadziwa bwino za mbumba nthawi zambiri ndi agogo aakazi ndi atsibweni. Alekeni alankhule chilankhulo chimene amalota nacho. Ngati ndi Chiyao, lembani m'Chiyao, kumasulira kudzabwera pambuyo. Pemphani chilolezo musanatsegule foni kuti mujambule mawu, ndipo akati ichi musalembe, musalembe. Za kundagala, kunsondo ndi kudambwe zili ndi eni ake. Nkhani imodzi ifunseni kwa anthu atatu osiyana, chifukwa aliyense amakometsa mbali ya kwawo, monganso ankachitira DC polemba malipoti ake. Kuona maso a nkhono n'kudekha: ulendo woyamba mumangodziwana, zenizeni zimatuluka ulendo wachitatu.

Mabuku ndi zolemba ndingazipeze kuti?

Yambirani pa Lake Malawi Museum pa boma pompano. Zikalata zakale za boma, kuphatikizapo mabuku amene ma DC ankalembamo za mafumu ndi misonkho, zimasungidwa ku National Archives ku Zomba. Ku Blantyre kuli laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House.

Mwa olemba, funani kaye athu. Yohanna Abdallah, wansembe wachiyao, analemba Chiikala cha Wayao, buku limene linatuluka mu 1919. Samuel Josia Ntara analemba Mbiri ya Achewa. D.D. Phiri analemba za moyo wa Chilembwe ndi anthu ena otchuka. Palinso akatswiri a ku yunivesite monga Kings Phiri, Owen Kalinga, Elias Mandala ndi Wiseman Chirwa. Za Africa yense, bungwe la UNESCO linasonkhanitsa akatswiri, ambiri a iwo a mu Africa momwemuno, kulemba General History of Africa, ndipo imapezeka pa intaneti.

Zimene zimayenda pa Facebook ndi WhatsApp muzisamala nazo. Chithunzi chakale chopanda dzina la malo, chaka ndi amene anachijambula chikhoza kukhala cha dziko lina. Safunsa anadya phula.

Mwana wanga akufuna kutenga phunziroli pa MSCE. Adzadya chiyani?

Alipo aphunzitsi, atolankhani, maloya, ogwira ntchito m'nyumba zosungira zakale ndi otsogolera alendo amene anayambira pamenepa. Boma lathu limalandira alendo ambiri, ndipo mnyamata wodziwa kufotokoza manda a amishoni ku Cape Maclear kapena linga la ku Namwera ali ndi chogulitsa chimene mnzake alibe. Luso lalikulu limene amalipeza ndi kumva mbali ziwiri, kupima umboni ndi kulemba zomveka. Musamuletse, koma alimbikirenso masamu ndi Chingerezi.

Ndapeza mapale ndi mikanda polima m'munda. Nditani?

Musakumbe mofuna kupeza zambiri, ndipo musagulitse kwa odutsa. Phale likachotsedwa pamalo pake limataya theka la nkhani yake, chifukwa akatswiri amaona kuya kwake, dothi lozungulira ndi makala amene ali pafupi, ndipo makalawo ndi amene amapimidwa kuti adziwe zaka. Jambulani chithunzi zinthuzo zili pomwepo, muike khasu kapena ndalama yachitsulo pambali kuti kukula kwake kuoneke. Ikani chizindikiro pamalopo, dziwitsani amfumu, kenako kauzeni ogwira ntchito ku Lake Malawi Museum, amene ali pansi pa nthambi ya boma yoona zinthu zakale. Ngati pali mafupa a munthu, kwirirani mwaulemu, ntchito iime, ndipo amfumu adziwitse apolisi tsiku lomwelo.